Kubwerera pamsewu mutavulala: kusankha njinga yamoto ya matayala atatu ndi kutenga layisensi ku Johannesburg

Munthu amene ankadyera njinga yamoto, kaya ankaperekera chakudya m'makomo a ku Sandton kaya ankangoikwera popita kuntchito, akavulala mwendo kapena mkono, amayamba kufunsa za tsiku lodzakweranso bala lisanapole n'komwe. Ife Amalawi a kuno ku Joni timakonda kuyankha funsoli mwaphuma: timasonkherana ndalama pachibale, timapeza njinga ya matayala atatu yotsika mtengo pa Facebook, za mapepala n'kumati tidzaonera konko. Ndondomeko imene ndikulemba pano ndi yosiyana ndi imeneyo, ndipo ndikupemphani kuti musaidumphe pakati. Muyambe mwadziwa chimene thupi lanu likutha kuchita, kenako mudziwe chimene pepala la boma likunena, ndipo njingayo igulidwe pambuyo pa zonsezi, chifukwa njinga yogulidwa msanga ndi imene imathera pansi pa lona kuseri kwa nyumba.

Yambani ndi thupi lanu

Njinga yamoto wamba imagawira ntchito ziwalo zonse zinayi. Dzanja lamanja limakoka moto ndi kugwira buleki ya kutsogolo, lamanzere limafinya kalachi, phazi lamanzere limasintha magiya, lamanja limaponda buleki ya kumbuyo, ndipo miyendo yonse iwiri imachirikiza njinga mukaima pa maloboti. Tayala lachitatu limakuchotserani ntchito imodzi yokha, ya kuchirikizayo. Zina zonse zimatsala momwemo, ndipo pa njinga zosapendekeka mikono ndi mapewa zimalandira ntchito yoonjezera, popeza mahandulo ake amafuna kukankhidwa ndi mphamvu pokhota. Choncho wovulala mwendo amapindula kwambiri ndi tayala lachitatu, pamene wovulala phewa akhoza kupeza kuti wadzionjezera mavuto.

Tengani pepala, mulembe chiwalo chilichonse ndi chimene chikutha kuchita lero, osati chimene mukuyembekeza kuti chidzachita Khirisimasi ikamafika. Kodi dzanjalo lingafinye chinthu cholimba kambirimbiri osachita dzanzi, monga zimafunikira pa mzere wa magalimoto wa m'mawa pa Empire Road? Kodi phazi likumva pamene laponda? Kodi khosi likutembenuka mpaka kuona kumbuyo kwa phewa? Pepala limeneli mupite nalo kwa dokotala amene akukuonani, ndipo mumupemphe kalata yokutumizani kwa occupational therapist. Ameneyu ndi wosiyana ndi wa mafizo: wa mafizo amalimbitsa chiwalo, pamene uyu amayeza ngati chiwalocho chingagwire ntchito inayake, ndipo amalangiza za zipangizo zothandizira. Zipatala zikuluzikulu za boma monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Chris Hani Baragwanath zili ndi nthambi ya ntchito imeneyi, ndipo palinso ena odziimira paokha amene amayeza makamaka za kuyendetsa galimoto. Zimene apeze mupemphe kuti azilembe, chifukwa kalatayo mudzaionetsa kwa makanika, kwa woyesa mayeso ndiponso kwa a inshuwalansi.

Amene anadulidwa mwendo asathamangire kuyeza njinga chitsa chikadali chotupa, popeza chimaphwa m'miyezi yoyambirira ndipo mwendo woikirira umafunika kukonzedwanso, kotero kuti popondera pamene panali bwino mu Malichi pakhoza kukhala patali mu Julayi. Mufunsenso dokotala za mankhwala opha ululu amene mukumwa. Tramadol ndi ena a mtundu wake amabweretsa tulo ndi chizungulire, ndipo lamulo limene limaletsa kuyendetsa mutaledzera limaletsanso kuyendetsa mutagwidwa ndi mankhwala ogonetsa.

Chimene lamulo likunena za inu

Lamulo lalikulu la pamsewu m'dziko lino ndi National Road Traffic Act, nambala 93 ya chaka cha 1996. Gawo 15 la lamuloli limatchula matenda amene amalepheretsa munthu kukhala ndi layisensi, monga khunyu losagonja ku mankhwala, kukomoka kapena chizungulire chadzidzidzi, shuga wosalamulirika, maso osaona mokwanira, ndi vuto lililonse la m'thupi limene lingamulepheretse kuyendetsa bwino mtundu wa galimoto umene layisensiyo ikunena. Mawu ofunika kuwagwira ndi akuti mtundu wa galimoto. Kuduka mwendo pakokha sikukuchotsani pamsewu. Funso ndi lakuti kodi chinthu chimene mukufuna kuyendetsacho mungachilamulire popanda kuika anthu ena pangozi. Amene anavulala m'mutu ndipo anagwapo khunyu pambuyo pake, nkhani yawo ndi ina, ndipo ayenera kudikira mawu a dokotala asanachite china chilichonse.

Gawo 16 limaletsa kubisa vuto lotere pofunsira layisensi, ndipo limalamula kuti amene ali nayo kale, akazindikira kuti sakuyeneranso kukhala nayo, aipereke kwa akuluakulu pasanathe masiku 21. Ambiri amaopa gawo limeneli ndipo amangokhala chete, khadi lakale lili m'thumba. Ine ndimaona kuti kukhala cheteko ndiko koopsa, chifukwa tsiku la ngozi wapolisi ndi wa inshuwalansi adzaona ndi maso awo kuti khadi likunena za munthu wina ndipo pa njinga pakhala munthu wina.

Layisensi ya kumudzi imagwira ntchito kuno kwa munthu amene sanalandire chilolezo chokhala mpaka kalekale, malinga ikhale yosatha ntchito, ndipo ya ku Malawi ili ndi mwayi woti inalembedwa m'Chingerezi komanso ili ndi chithunzi ndi siginecha. Koma khadi limenelo munalitenga muli ndi thupi lina, ndipo silinena kanthu za njinga yosinthidwa. Kuti mulowe m'kaundula wa kuno wa NaTIS mulibe ID ya South Africa, mumafunika traffic register number, imene anthu amangoti TRN. Mumaifunsira pa fomu ya ANR ku ofesi ya malayisensi, mutatenga pasipoti, chilolezo chokhalira m'dziko chosatha ntchito, zithunzi ndi umboni wa kumene mukukhala. Ngati mukuchita lendi kachipinda ka kuseri ndipo bilu ya magetsi ili m'dzina la eni nyumba, apempheni akulembereni kalata yolumbirira kupolisi, muiphatikize ndi biluyo. Popanda TRN njinga simungailembetse m'dzina lanu, ndipo kuilembetsa m'dzina la mnzanu ndiko kuyamba kwa milandu ya pachibale.

Mitundu ya njingazi

Apa ndikhalitsapo, popeza dzina lakuti njinga ya matayala atatu limaphimba zinthu zosiyana kwambiri.

Mtundu umene tinauzolowera ndi wa tayala limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. M'gulu limeneli muli matukutuku monga Bajaj RE, TVS King ndi Piaggio Ape, muli njinga zonyamula katundu zokhala ndi bokosi kumbuyo, mulinso zikuluzikulu monga Harley-Davidson Tri Glide, imene imalemera kupitirira makilogalamu 500. Zonsezi zimaima zokha, ndipo zambiri zili ndi giya yobwerera m'mbuyo, chinthu chimene munthu wa mwendo umodzi sayenera kunyengerera, chifukwa sangathe kukankha njinga ndi mapazi kuti atuluke pamene wapanikizika. Pa Bajaj RE kalachi ndi magiya zonse zili ku dzanja lamanzere, mumafinya n'kupotokola chogwiriracho, ndipo buleki ili ku phazi lamanja. Kwa amene anavulala mwendo wamanzere, kakonzedwe kameneka kali ngati anamupangira iyeyo. Kwa amene dzanja lamanzere linafooka, n'chilango cha tsiku lonse. Vuto la mtundu wonsewu lili pokhota. Kutsogolo kuli tayala limodzi lokha, ndiye mukalowa pakona mothamanga, tayala lakumbuyo la mkati limanyamuka ndipo njinga ikhoza kugudubuzika, makamaka katundu akakwezedwa pamwamba.

Mtundu wachiwiri ndi wa matayala awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, monga Can-Am Spyder ndi Can-Am Ryker za kampani ya BRP ya ku Canada. Izi zimakhazikika bwino pokhota ndi pogwira buleki, popeza kulemera kumathamangira kutsogolo kumene kuli matayala awiri. Ryker ilibe kalachi ngakhale magiya osintha, ndipo imabwera ndi injini ya 600 kapena 900 cc, pamene Spyder zatsopano zimasintha magiya ndi zala za dzanja lamanzere popanda kalachi. Koma onetsetsani ichi: pa zonse ziwirizi buleki ndi imodzi, yoponda ndi phazi lamanja, yogwira matayala onse atatu, ndipo pa handulo palibe buleki. Wovulala mwendo wamanja ayenera kuikitsa buleki ya dzanja asanaganize zoyenda nayo. Mtengo wake ndi wowawa, zina zimafanana ndi galimoto yatsopano, ndipo zipangizo zake simungazitole paliponse.

Mtundu wachitatu ndi umene umapusitsa anthu. Piaggio MP3, imene inatuluka mu 2006, Yamaha Tricity ndi Yamaha Niken zili ndi matayala awiri oyandikana kutsogolo, koma zimapendekeka pokhota ngati njinga wamba. MP3 ili ndi batani lokhoma kupendekekako mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono kwambiri, koma mukangokoka moto chimamasuka, ndipo mukachedwa kudina poima mwendo uyenera kutsika msanga. Niken siima yokha n'komwe. Njinga zimenezi zimathandiza munthu amene miyendo yake ili ndi mphamvu ndithu koma akufuna kutsogolo kogwira bwino pamsewu wonyowa. Amene mwendo sungamuchirikize azione ngati njinga za matayala awiri basi.

Palinso njinga wamba yomangiriridwa kangolo kambali, kotchedwa sidecar. Imaima yokha ndipo m'kangolomo mumalowa ndodo kapena chikuku chopinda, koma imakokera mbali ina mukakoka moto, n'kukokera mbali inanso mukagwira buleki, ndiye imafuna mikono yamphamvu. M'lamulo imawerengedwa ngati njinga ya matayala awiri.

Funsani za gulu lake musanapereke khobidi

Lamulo limatcha motor tricycle galimoto ya matayala atatu yoyendetsedwa ndi zowongolera za njinga yamoto, ndipo layisensi yophunzirira ya Code 1 ndi imene imaphimba njinga zamoto pamodzi ndi zimenezi. Pa malayisensi enieni, A1 ndi ya njinga zosapitirira 125 cc, A ndi ya zopitirira pamenepo ndipo imafuna zaka 18, pamene B ndi ya magalimoto ang'onoang'ono. Chimene chimalamula kuti inu muyesedwe pa khodi iti ndi mmene njingayo inalembedwera mu NaTIS, osati mmene wogulitsa akuitchulira. Choncho mukapeza njinga imene mwaikonda, pemphani fotokope ya satifiketi yake ya kaundula, mupite nayo ku malo oyesera madalaivala, kaya ku Langlaagte, ku Randburg, ku Sandton kapena ku Midrand, ndipo mupemphe kuonana ndi mkulu wa oyesa mayeso, osati munthu wa pawindo lolipirira. Mumufunse kuti njingayi ikufuna khodi iti, ngati pamalopo amayesa munthu pa njinga ya matayala atatu kapena yosinthidwa, ndiponso makalata a chipatala amene akufuna. Yankho mulilembe, ndi tsiku lake, ndi udindo wa amene wakuyankhaniyo. Ulendo umenewu umadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya takisi, koma ndi umene umateteza ndalama zonse zotsatira.

Mufunsenso za misewu. Mabuku a K53, ophunzirira mayeso a layisensi, amaika njinga za matayala atatu pamndandanda wa zoletsedwa pa freeway, misewu ikuluikulu yothamangira, ndipo mu Johannesburg zimenezi zikutanthauza M1, M2, N1, N3 ndi N12. Ngakhale pakadapanda lamulo, tukutuku ya injini ya pafupifupi 200 cc ilibe malo pakati pa magalimoto othamanga 120. Yesani kujambula ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku popanda misewu imeneyi: Louis Botha Avenue kupita ku Alexandra, Jan Smuts Avenue kupita ku Randburg, Main Reef Road kupita ku Roodepoort. Kumbukiraninso kuti mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini iliyonse yopanda turbo imataya mphamvu kuno. Kanjinga kamene kamaoneka kanyonga pamalo athyathyathya kamalira pa chitunda cha Munro Drive kakanyamula katundu.

Kuyeza, kugula ndi kusintha

Musanapite kwa wogulitsa, tengani chingwe muyeze geti la pamene mukukhala. Bajaj RE ndi yotambalala pafupifupi mita 1.3, Ryker pafupifupi mita 1.5, pamene mageti ambiri opita kuzipinda za kuseri ku Rosettenville ndi ku Mayfair anapangidwira munthu woyenda pansi ndi wilibala. Njinga imene singalowe mumpanda idzagona panja, ndipo mukudziwa nokha chimene chimachitikira chinthu chogona panja mu mzinda uno.

Kwa wogulitsako musayambe ndi kuliza injini. Kwerani ndi kutsika kasanu, popanda wokugwirani dzanja, mutavala nsapato zimene mudzayendere. Onani kumene ndodo zanu zidzakhale, ndipo muone ngati mungazifikire mutakhala pampando. Pindani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, chifukwa apo ndi pamene mkono wovulala umaulula kufupika kwake. Kokani buleki yoimikira, lowetsani giya yobwerera m'mbuyo, ndipo mukhale pampandopo mphindi makumi awiri ngakhale wogulitsa ayambe kuyang'ana wotchi, popeza msana ndi chiuno sizidandaula m'mphindi zitatu zoyamba.

Pa mapepala, yerekezani nambala ya VIN, yozindikiritsa njingayo, ndi ya injini zimene zili pa chitsulo ndi zimene zili pa satifiketi ya kaundula, chilembo ndi chilembo. Onani ngati dzina la title holder, mwini wake weniweni m'kaundula, ndi la wogulitsayo, chifukwa likakhala la banki ndiye kuti ngongole sinathe. Code 3 pa satifiketi ikutanthauza kuti njingayo inamangidwanso, kawirikawiri itachita ngozi yaikulu. Wogulitsa amadzaza fomu yachikasu ya NCO, inu mumadzaza yabuluu ya RLV, ndipo muyenera kulembetsa pasanathe masiku 21, mutatenga satifiketi ya roadworthy, yotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imene imagwira ntchito masiku 60 okha. Samalani ndi njinga zonyamula katundu zotsika mtengo kwambiri, popeza zina zimagulitsidwa kuti zizigwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale basi, ndipo zilibe mapepala olowera pamsewu.

Msuweni wanga wina wa ku Turffontein, amene bondo lake linauma atagundidwa ndi bakkie, anagula njinga imene wowotcherera wina anaidula kumbuyo n'kuikako ekiselo ya galimoto yaing'ono. Ntchitoyo inali yooneka bwino, utoto wofiira, mpando wofewa. Atapita nayo kokayeza roadworthy, woyezayo anangoyang'ana pepala, n'kuwerama kuwerenga matayala ndi chala, n'kumubwezera makiyi. Pepala linkanena njinga ya matayala awiri. Kusintha kwa mtundu umenewu kumafuna kalata ya chilolezo yochokera ku NRCS (bungwe la boma loona za miyezo ya zinthu monga magalimoto), chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti chitsulocho si chakuba, satifiketi ya kulemera kwake kuchokera pa sikelo yovomerezeka, roadworthy, ndi kulembetsa mwatsopano, ndipo wowotchererayo analibe chilichonse mwa zimenezi. Njingayo ilipobe, ana a pabwalopo ndiwo amaiyendetsa ndi pakamwa. Ngati mukugula yosinthidwa kale, pepala likhale likunena kale kuti ndi ya matayala atatu.

Kusintha kwa zowongolera n'kocheperapo, koma kuchitidwe ndi makanika amene anaigwirapo ntchito yotere, motsatira kalata ya occupational therapist uja. Magiya a phazi amatha kusamutsidwira ku mabatani a magetsi pa handulo. Buleki ya phazi imatha kupita ku chala chachikulu kapena ku chogwirira chachiwiri. Moto umatha kusamukira ku dzanja lamanzere, ndipo pali makalachi odzigwira okha. Wa mwendo woikirira amafuna popondera potambalala pokhala ndi kotchingira, kuti phazi limene salimvalo lisaterereke iye osadziwa. Pa mabuleki pokha musalole zongolumikiza ndi waya. Malisiti ndi makoteshoni onse musunge, ndipo ngati munavulala pangozi ya pamsewu muwaonetse amene akuyendetsa nkhani yanu ku Road Accident Fund, thumba la boma lolipira ovulala pangozi za pamsewu, kumene pempho liyenera kulowa pasanathe zaka 3, kapena zaka 2 ngati wokugundaniyo sanadziwike. Wovulalira pantchito njira yake ndi ya thumba lina la boma, la Compensation Fund.

Layisensi yophunzirira

Mu Gauteng malo a mayeso amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa NaTIS. Pa tsiku limene mwapatsidwa mutenge pasipoti, TRN, zithunzi, umboni wa kumene mukukhala, kalata ya chipatala ndi ndalama yolipira, ndipo mudzaze fomu ya LL1. Pamene fomuyo ikufunsa za matenda ndi ulumali, lembani zoona. Maso amayezedwa pomwepo, kapena mungabwere ndi zotsatira zochokera kwa woyeza maso. Ngati akufuna umboni wa dokotala pa fomu ya boma, fomuyo ndi ya MC. Mayeso ali ndi zigawo zitatu, malamulo a pamsewu, zikwangwani ndi zowongolera njinga, ndipo muyenera kukhoza chigawo chilichonse pachokha: 22 pa malamulo, 23 pa zikwangwani, ndi 6 mwa mafunso 8 a zowongolera. Amene anayendetsa zaka zambiri ndiwo amakonda kulephera, chifukwa amayankha za mmene amayendetsera m'malo moyankha za m'buku, ndiye gulani buku la K53 muliwerenge ngati mwana wa sukulu. Layisensiyi imakhala miyezi 24, imakulolani kuyenda nokha pa njinga, koma simuloledwa kukweza munthu.

Pageti pa maofesi otere sipasowa madobadoba, monga momwe zilili kwathu, olonjeza tsiku lapafupi kapena khadi lopanda mayeso. Kwa munthu wovulala khadi logula n'loipa kawiri: likhoza kufafanizidwa likadziwika, komanso limatuluka lopanda zizindikiro zimene zimavomereza njinga yanu yosinthidwayo.

Kuiwala njinga yakale

Amene anayendetsapo njinga ya matayala awiri ali ndi ntchito yaikulu kuposa wongoyamba kumene, chifukwa manja ake anaphunzira chinthu chimene tsopano chingamuphe. Pa njinga wamba, mukamathamanga, mumakankha pang'ono handulo ya mbali imene mukukhotera, njinga n'kupendekeka, ndipo ambiri amachita zimenezi osadziwa n'komwe kuti akuzichita. Pa njinga yosapendekeka zili mosemphana: pokhotera kumanja mumakoka handulo yamanja, n'kukankha yamanzere, ndipo mukasiya kukankha njinga imawongoka. Tsiku limene takisi idzaime mwadzidzidzi patsogolo panu, manja adzathamangira chizolowezi chakale, n'kukuponyerani mbali imene mumaithawa. Mankhwala ake ndi kubwereza mpaka thupi livomere.

Pezani bwalo lopanda magalimoto Lamlungu masana, mutapempha eni ake, ndipo mupite ndi mnzanu. Ndandalikani mabotolo a malita awiri odzaza madzi, motalikirana masitepe asanu ndi atatu, muzizungulira pakati pawo pa giya yoyamba, kenako muziwayandikizitsa. Mabotolo amene mudzagwetse adzakhala a tayala lakumbuyo, chifukwa maso anazolowera kuti pamene mapewa adutsa njinga yonse yadutsa. Phunzirani kuchepetsa liwiro musanafike pakona osati muli pakati pake, ndi kupendeketsa thupi kulowera mkati popeza njinga ikukukankhirani kunja. Phunziraninso kusatsitsa phazi poima. Pa njinga ya matayala awiri kumbuyo, phazi lotsitsidwa njinga isanaimiretu limapondedwa ndi tayala lanu lomwe, ndipo wa mwendo woikirira sangamve kuti lakodwa.

Maenje a m'misewu ya Johannesburg amafuna luso lakelake. Njinga wamba imasiya mzere umodzi pansi, galimoto iwiri, koma iyi imasiya itatu, choncho dzenje simungalilambalale ngati kale, ndipo simungalidutsitse pakati ngati galimoto. Mulilowetse pakati pa tayala lapakati ndi limodzi la m'mbali, ndipo likakhala lalikulu muchepetse liwiro mulipondere mwadala. Msewu umatsetserekera kumanzere kuti madzi azitsika, ndipo njinga yosapendekeka imakokera komweko, zimene zimatopetsa mkono pa ulendo wautali. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya masana imabwera ndi matalala, ndiye maulendo oyamba a pamsewu muwachite m'mawa, m'misewu ya m'makomo, chipewa chili kumutu.

Tsiku la mayeso ndi khadi lanu

Mukasungitsa tsiku, mudzaze fomu ya DL1 ndipo mukumbutse ofesiyo kuti mukubwera ndi njinga ya matayala atatu yosinthidwa, kuti woyesa asadzadzidzimuke m'mawa wa tsikulo. Mumayesedwa pa njinga imene mwabwera nayo, ndipo woyesa amayamba waiyang'ana: disiki ya layisensi ya njingayo ikhale yosatha ntchito, magetsi onse ayake, hutala ilire, matayala akhale ndi mano, mafuta asadonthe. Mayeso a njinga amachitikira m'bwalo la pamalopo, ndipo muli kunyamuka pa chitunda osabwerera m'mbuyo, kusintha mzere, kukhota pa liwiro loyenera, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chinthu mwadzidzidzi. K53 imawerenga kwambiri kuyang'ana, pagalasi ndi kumbuyo kwa phewa, musananyamuke ndi musanakhote, ndiye ngati khosi lanu silitembenuka mokwanira, kalata ya chipatala inene zimenezo ndipo magalasi oonjezera akhale ataikidwa kale. Mukalephera mumasungitsa tsiku lina, malinga miyezi 24 ija isanathe.

Amene akufuna kunyamula anthu olipira pa tukutuku adziwe kuti layisensi yokha sikwanira. Pamafunika PrDP ya gulu P, pemiti ya madalaivala onyamula anthu, imene imaperekedwa kwa wa zaka 21 kupita m'tsogolo atayezedwa ndi dokotala ndiponso apolisi atafufuza mbiri yake, komanso operating licence, chilolezo chochitira bizinesi yonyamula anthu, pansi pa National Land Transport Act ya 2009. Inshuwalansi ya njinga si yokakamiza m'dziko lino, koma Road Accident Fund imalipira kuvulala kwa anthu kokha, osati chitsulo, ndiye mukagunda galimoto ya mwini ngongoleyo ndi yanu. Polembetsa inshuwalansi muulule kuvulala kwanu, chosintha chilichonse cha pa njinga, ndiponso ngati mukuigwiritsa ntchito ya malonda.

Mukakhoza, lipirani khadi ndipo mutenge layisensi yongoyembekezera, imene imagwira ntchito miyezi 6. Khadi likatuluka limakhala zaka 5, koma musachoke pawindo musanawerenge manambala a zoletsa amene alembedwapo. Pa mbali ya dalaivala, 1 ndi magalasi a maso, 2 ndi chiwalo choikirira. Pa mbali ya galimoto, 1 ndi yosintha yokha magiya, 2 ndi ya magetsi, 3 ndi yokonzedwera munthu wolumala. Amene wayesedwa pa njinga yopanda kalachi adzapeza 1 pa mbali ya galimoto, kutanthauza kuti tukutuku ya magiya a dzanja saloledwa kuiyendetsa mpaka atayesedwanso pa yoteroyo. Nambala ikakhala yolakwika kapena ikasowa, muwaonetse pomwepo kalata ya chipatala ndi pepala la zotsatira za mayeso, ndipo mupemphe kuti akonze musanasayine kuti mwalandira.